Mwana wanu wayitanidwa ku ligi ya hockey yomwe inachoka ku Hockey Canada? Musanasayine yambani mwafunsa izi

Foni inalira tili pakati pa nsima, mwezi wa August, mnyamata wanga atangoona nambala anasiya mbamu mu mbale n'kumandiyang'ana osaphethira. Anali kochi wa timu ina ya junior hockey, akuti mwana wanu tamuona ku ma trial, malo alipo koma mutiyankhe pofika Lolemba chifukwa anzake ali pa mzere. Ine ndinakulira mpira wa chikulunga fumbi lili koboo, za pa ayezizi ndazionera kuno ku Canada ndevu zitamera kale, ndiye nditangomva mawu oti junior mtima unadumpha, Lolemba lisanafike ndinali nditasayina ndalama nditatumiza. Sindinafunse n'komwe kuti ligi imeneyo ili pansi pa ndani. Zomwe zinatigwera ndikuuzani kutsogoloku, koma ndati ndilembe izi chifukwa makolo anzanga omwe ana anu akulira kuno, ku Alberta, ku British Columbia, ku Ontario kapena kutsidya ku America, foni ngati imeneyi idzalira kwanunso ndipo idzalira muli busy.

Kaye timvetsetsane mmene zinthu zinayalidwira, apo ayi kochi adzakuzunguzani mutu ndi zilembo zokhazokha. Junior hockey ndi ya anyamata a zaka 16 mpaka 20. Hockey Canada ndiye kholo la masewerowa m'dziko muno, tingoti ndi FAM yakuno, ndipo m'chigawo chilichonse ili ndi nthambi yake, ngati BC Hockey ndi Hockey Alberta. Pamwamba penipeni pa junior pali CHL yomwe muli ma ligi atatu, WHL kumadzulo, OHL ku Ontario ndi QMJHL ku Quebec ndi zigawo za kunyanja. Pansi pake pali Junior A, ma ligi ake ambiri anasonkhana mu bungwe lotchedwa CJHL ndipo akatswiri awo amakakumana ku Centennial Cup. Ndiye tangoganizani SULOM itadzuka m'mawa n'kuuza FAM kuti ife tatopa ndi malamulo anu, kuyambira lero tiziyendetsa tokha, oyimbira athu, inshulansi yathu, osewera tizitenga komwe tafuna. Ku Ulaya ma timu 12 anayesa zoterezi mu April 2021 ndi Super League ija, inafa masiku awiri asanathe bwinobwino. Kuno ku hockey zinatheka ndithu, ndipo zilipobe.

Amene anachita zimenezi poyera ndi a BCHL, ligi ya ku British Columbia. Mu 2021 anayamba ndi kutuluka mu CJHL, kenako pa 1 June 2023 anatulukiratu mu Hockey Canada. Dandaulo lawo lalikulu linali la ana osakwana zaka 18, kuti malamulo a Hockey Canada sankawalola kutenga mwana wa zaka 16 kapena 17 wochokera chigawo china pokhapokha banja lake litasamukira komweko, pomwe ma timu a WHL ankatha kutenga ana amsinkhu womwewo kudumpha malire a zigawo, ndiye mwana waluso wa ku Manitoba kaya Ontario yemwe maso ake anali pa yunivesite ya ku America ankangowoloka kupita ku USHL, ligi ya junior ya ku America. A BCHL anati ife tikutaya ana chifukwa cha mapepala. Atatuluka anayamba kutenga ana a m'zigawo zonse, ngakhalenso ochokera ku Ulaya. Mu January 2024, sizoni ili pakati, zinamveka kuti ma timu asanu a ku Alberta akuwatsatira, Brooks Bandits, Blackfalds Bulldogs, Okotoks Oilers, Sherwood Park Crusaders ndi Spruce Grove Saints, ligi yawo yakale ya AJHL inayamba kuwafufutira ma gemu, iwo n'kungosamuka nthawi yomweyo osadikira kuti sizoni ithe. Ndipo awa sanali ma timu a masewera ayi, Brooks ndi komwe kunadutsa katswiri Cale Makar asanatengedwe ndi timu ya Colorado ya mu NHL, ligi yaikulu ya akatswiri, mu 2017, komanso anali atangotenga Centennial Cup mu 2022 ndi 2023. Chaka chomwecho cha 2024 ligi ya pa chilumba cha Vancouver, VIJHL, nayo inatuluka kukagwirana manja ndi BCHL. Ku America nkhani yake ndi yakale pang'ono, a ligi ya USPHL anachoka pansi pa USA Hockey, kholo la masewerowa kumeneko, mu 2017 bungwelo litawakaniza chilolezo cha ligi yawo yatsopano ya NCDC, ku Ontario kulinso GMHL yomwe chiyambire 2006 sinakhalepo pansi pa Hockey Canada.

Ndafotokoza zonsezi kuti muone chinthu chimodzi, ligi kukhala kunja kwa Hockey Canada sizikuuzani kuti ndi yabwino kapena yoipa. Ku rink, bwalo la ayezi lija, mudzamva azibambo ena akuti ndi ma ligi a zigawenga, ena akuti ndiye tsogolo. Onsewo akuyankhula za mwana wawo osati wanu. Mu gulu lomwelo la ma ligi oyima paokha muli BCHL yomwe ma scout a ma yunivesite amadzaza mipando, mulinso tima ligi tina tomwe bizinesi yake yeniyeni ndi chikwama cha makolo. Ntchito yanu ndi kudziwa kuti yakuyimbirani foniyo ndi iti, komanso ngati zitavuta mwana atulukira khomo liti.

Choyamba funsani funso lomwe ine sindinafunse. Mawu ake pa Chingerezi ndi amodzi okha, sanctioned, kutanthauza kuti ligiyo ndi yovomerezeka ndi Hockey Canada kapena USA Hockey. Funsani kochi inde, koma musathere pomwepo, chifukwa ena amayankha mozungulira, amati ndife Junior A, ndife Tier 2, tili ndi ubale ndi akutiakuti. Dzina loti Junior A aliyense atha kulemba pa jezi. Imbani foni kapena lembani email ku nthambi ya chigawo chanu, muwapatse dzina la ligi ndi la timu, muwafunse kuti kodi awa ndi anu? Yankho likhale lolembedwa, mulisunge. Ndi ntchito ya mphindi khumi, ine ikanandipulumutsa sizoni yonse.

Chachiwiri, ndipo apa ndichedwapo chifukwa ndi pomwe tinapsera, ndi tsiku la 30 September. Lamulo la Hockey Canada limati wosewera amene wasewera mu ligi yosavomerezeka tsiku limeneli litadutsa wadzitsekera yekha khomo la sizoni imeneyo, sangangobwerera ku timu ya Junior A yovomerezeka ngati palibe chachitika. September asanathe mutha kukayesa, kusewera ma gemu okonzekera sizoni, mukaona kuti sizikuyenda n'kubwerera. Ikangokwana 1 October mwana n'kuponda ayezi mu gemu ya ligi ija, basi, mwakwatira.

Ifeyo zinayenda chonchi. September yense mnyamata ankasewera, kochi akumumwetulira, ine ndikujambula ma video kutumiza kwa agogo ake kumudzi omwe ankangofunsa kuti nanga akuthamangitsana ndi ndodo chifukwa chiyani. October atalowa timu inabweretsa anyamata ena atatu akuluakulu omwe anasiyidwa ndi ma timu apamwamba, wanga anayamba kukhala pa benchi, kenako ngakhale pa benchi osakhala, kumangovala suti n'kukhala m'mwamba ndi oonerera. Pakati pa November anamuyitanira mu ofesi n'kumuuza kuti tikukumasula. Ndinayendetsa galimoto maola anayi mu chipale kukamutenga, ndinamupeza atakhala pa chikwama chake cha zida panja pa rink, ndodo ziwiri atazimanga ndi tepi, helemeti ili pa bondo, sanayankhule mpaka tinadutsa matauni awiri. M'mawa mwake ndinayimbira timu yake yakale ya kwathu kuno, bambo wake wa timuyo anandimvera chisoni koma anati achimwene manja anga ndi omangika, mwanayu wasewera kunja pambuyo pa September. Chaka cha zaka 17, chomwe ma scout amayang'ana kwambiri, anachithera akusewera ndi madala a pa tauni Lachitatu usiku.

Ndiye musanasayine mufunse kochi mosapsatira kuti mwana wanga mukumuona pa mzere wachingati, mwasayinitsa kale angati pa malo akewo, nanga mukamumasula mu November mumutumiza kuti? Funso lomalizali ndiye lofunika. Timu yovomerezeka ikamasula mwana amatsikira ku Junior B kapena kubwerera ku U18, ma timu a ana osakwana zaka 18, makwerero alipo. Ligi yoyima payokha makwerero amenewo ilibe pokhapokha itapangana ndi ligi ina yoyima payokhanso, n'chifukwa chake BCHL inafunika VIJHL. Ngati kochi akuchita chibwibwi pa funso limeneli, mwayankhidwa kale. Chenjeraninso ndi ka foni koti tabwereke mwana wanu gemu imodzi yokha weekend ino, anyamata athu avulala. Kwa mwana wa U18 zimamveka ngati mwayi wa moyo wonse, koma ngati ndi December ndipo timu yobwerekayo ili kunja kwa Hockey Canada, gemu imodziyo itha kumuchotsa pa timu yake yeniyeni. Malamulowa amawakonzakonza, ndiye chaka chomwe mukusayinacho werengani okha mawu ake pa tsamba la Hockey Canada, osadalira zomwe munamva kwa kholo lina chaka chatha, ngakhale kwa ine.

Inshulansi. Mwana akalembetsa pansi pa Hockey Canada, mu ndalama zolembetsera zija mumakhala kale inshulansi ya ngozi za pa ayezi. Akatuluka imeneyo sikumutsata. Ma ligi akuluakulu oyima paokha anagula yawo, koma inu musavomere mawu apakamwa oti tili ndi inshulansi, pemphani pepala lake muwerenge. Hockey si bawo abale, puck ija, kampira kaphwatalala komwe amamenya ndi ndodo, ndi yolimba ngati mwala ndipo mano amathothoka, mapewa amaguluka, mutu ukagunda pa khoma la rink ubongo umagwedezeka mwana n'kukhala milungu osafuna kuona kuwala. Kuno chipatala cha boma chimathandiza zambiri koma mano ndi ma physio nthawi zambiri zimatuluka m'thumba mwanu, ndipo gemu ikakhala kutsidya ku America bilu yake mutha kugulitsa nayo munda. Funsani kuti pepalalo likukwirira mano, ambulansi, ma gemu a kunja kwa chigawo ndi kunja kwa dziko, komanso ulendo wa pa basi. Funsaninso kuti akavulala mutu amene amalamula kuti abwerere pa ayezi ndi dokotala kapena kochi.

Za ndalama sindichulukitsa, mfundo yake ndi yoti mudziwe amene akulipira mnzake. Ku America USHL mwana salipira kusewera, NCDC nayonso anayikhazikitsa ngati ligi yosalipiritsa fizi, koma ma ligi apansi pake mu USPHL momwemo makolo amalipira, ndipo kawirikawiri kochi amakuyimbirani akutchula dzina la ligi yapamwambayo pomwe malo omwe akukupatsani ndi a yapansi. Pa kontrakiti payenera kuoneka dzina la timu yeniyeni yomwe mwana akasewere. Muwerengetse fizi, ndalama ya banja lomusunga mwezi uliwonse, ndodo zomwe zimathyoka ngati nzimbe, ma skate, ndi mafuta anu opita kukamuona. Ndipo pakhale mzere wonena kuti akamumasula kapena kumugulitsa ku timu ina ndalama yotsala ibwerera bwanji. Yathu inalibe mzere umenewo, sitinaoneko ngakhale dola imodzi. Timu yomwe ikukukakamizani kulipira zonse sizoni isanayambe, ine ndimayikayikira.

Tsopano nkhani ya sukulu, pomwe zinthu zatembenuka posachedwapa moti malangizo omwe ankagwira ntchito mu 2023 lero ena ndi otha ntchito. Kwa zaka zambiri bungwe la masewero a ma yunivesite a ku America, NCAA, linkatenga CHL ngati ligi ya anthu olipidwa, ndiye mwana akangosewerako mwayi wa sikolashipu ya hockey ku Division I, gawo lapamwamba la ma yunivesitewo, unkathera pomwepo. Panali mnyamata wina yemwe anangosewera ma gemu awiri okonzekera sizoni ndi Windsor Spitfires ya mu OHL n'kutsekeredwa, nkhani yake inakafika kukhoti mu 2024. Chifukwa cha lamulo limeneli mwana wa zaka 16 ankayenera kusankha msewu, CHL kapena yunivesite, ndipo ofuna yunivesite ankathamangira ku BCHL, ku USHL ndi ku Junior A ina. Mphamvu ya BCHL potuluka mu Hockey Canada inagona pamenepa. Koma mu November 2024 NCAA inasintha, kuyambira 1 August 2025 osewera a CHL akuloledwa ku Division I. Zitangotero anyamata ambiri anayamba kuchoka ku Junior A kupita ku CHL, pomwe Gavin McKenna anachoka ku Medicine Hat Tigers ya mu WHL kupita ku yunivesite ya Penn State, ndipo Penticton Vees, imodzi mwa ma timu otchuka kwambiri a BCHL, inasamukira ku WHL. Ndiye kochi akakuuzani kuti bwerani kwathu chifukwa kuno ndi njira yokhayo yopitira ku koleji ya ku America, akukuuzani nkhani yakale. Mufunseni kuti chaka chathachi, osati zaka zisanu zapitazo, anyamata angati a timu yake anapita ku Division I, mayina awo ndani, ndipo mukafufuze nokha pa intaneti ngati alikodi pa ma timu amenewo. Kumbali inayo WHL imalipirira mwana chaka chimodzi cha fizi ndi mabuku ku koleji pa sizoni iliyonse yomwe wasewera, muyike zimenezo pa sikelo. Ndipo zonsezi n'zachabe ngati magiredi a kusekondale ali pansi, NCAA imayang'ana makalasi omwe mwana anatenga, ndiye ngati akusamukira chigawo china ali Grade 11 kapena 12 mufunse kuti akaphunzira sukulu iti komanso amene aziona kuti homuweki ikulembedwa pa basi ndani.

Pali zina zomwe mwana amataya zomwe kochi sadzatchula. Timu yoyima payokha sipita ku Centennial Cup, ndipo osewera ake satengedwa mu ma timu a Canada a ku mpikisano wa mayiko wa World Junior A Challenge. Kwa ana ambiri izi sizikhudza kanthu chifukwa sakanafikako, tinene zoona, koma ngati wanu ndi wa mlingo umenewo muziwerengere. Oyimbira nawonso lamulo la 30 September limawakhudza, ndiye ligi ikatuluka imayenera kupeza ake, ligi yaikulu imakwanitsa koma ting'onoting'ono tina mumapeza oyimbira osazolowera liwiro la anyamata a zaka 20, ndipo gemu yomwe woyimbira walephera kuigwira ndi yomwe ana amavulala. Pitani mukaonere gemu imodzi ya ligiyo musanasayine, osayang'ana zigoli, muziyang'ana zomwe zimachitika wina akamenyedwa chakumbuyo pafupi ndi khoma.

Izi zotsatirazi ndi zathu ife makamaka, makolo achizungu ku rink sadzakuuzani chifukwa sizimawagwera. Mwana wanu mwina adzakhala wakuda yekhayo mu timu, mwinanso mu tauni yonse. Mawu onyoza pa ayezi amatuluka, wanga anawamvapo kangapo. Pansi pa Hockey Canada pali lamulo la tsankho lomwe amalitcha 11.4, ndiponso kuyambira 2022 madandaulo a nkhanza amapita ku ofesi yapadera yomwe si ya timu kapena ligi. Sindikunena kuti Hockey Canada ndi angelo, chaka chomwecho cha 2022 anali pa moto waukulu chifukwa cha mmene anasamalira milandu ya nkhanza kwa amayi mpaka akuluakulu ake anatula pansi maudindo. Koma njira yodandaulira ilipo yolembedwa. Ligi yoyima payokha muyifunse kuti mwana akanyozedwa kapena kuzunzidwa ndi anzake mu chipinda chovalira amakanena kwa ndani, ndipo ngati yankho ndi loti kwa kochi, mufunsenso kuti nanga wolakwayo akakhala kochiyo? Banja lomusunga, lomwe kuno amati billet, mukalione ndi maso anu, mulowe m'nyumba, muone chipinda, mufunse ngati apolisi anawafufuza mbiri yawo. Mayi amene ankasunga wanga anali munthu wabwino zedi, mpaka anaphunzira kuphika nsima pa video call ndi mayi ake a mwana, inkatuluka ngati phala koma mnyamata ankadya ndithu.

Mapepala musaiwale. Ngati mwana akadali pa pasipoti ya Malawi kapena Zambia, ngakhale muli ndi PR, chilolezo chokhazikika ku Canada, kuwoloka kupita ku America kumafuna visa, ndipo nthawi yodikira interview itha kukhala yaitali kuposa sizoni. Ma timu ambiri amapita ku ma showcase kutsidyako komwe kumakhala ma scout, basi sidikira munthu pa boda. Mufunsenso ngati ligiyo imuwerengera ngati mwana wa m'dziko kapena wobwera, poti malo a obwera amakhala owerengeka pa timu iliyonse ndipo ndi omwe amayamba kusinthidwa timu ikapeza wina.

Za ma ejenti ndi alangizi omwe amatulukira pa nthawi ngati imeneyi, ena ndi othandiza, koma mufunseni ngati timu yomwe akukulozeraniyo imamupatsa kanthu.

Nanga Lolemba lija? Muuzeni kochi kuti mwamva ndipo mwathokoza, koma muyankha Lachisanu mutawerenga kontrakiti, pepala la inshulansi ndi yankho la ku nthambi ya chigawo, komanso mutayankhula ndi makolo awiri omwe ana awo anachoka pa timuyo sizoni yatha, osati omwe iye akusankhireni, mufufuze nokha pa mndandanda wa osewera a chaka chatha muone amene anasowa pakati pa sizoni. Kochi yemwe akumufunadi mwana wanu adikira masiku anayi. Chaka chotsatira foni inaliranso kwathu, timu ina, ligi inanso yoyima payokha, ndinawauza zomwezi ndipo anatumiza mapepala onse tsiku lomwelo madzulo, pa nkhani yomumasula analemba dzina la timu yomwe angatsikireko. Tinakhala pa tebulo ndi mnyamata ndi mayi ake mpaka 11 koloko usiku tikuwerenga mzere ndi mzere, iye ndi amene anapeza kuti mano sanalembedwe mu inshulansi, tinagula yathu yapadera ndiye tinasayina Lachisanu.